Besi ikugunda, koma akuti chiyani?

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, fodya akayenda bwino ku Kanengo ndipo soya ndi mtedza zagulidwa, makatoni a zoimbira amayamba kutuluka mu Lilongwe kulowera kumadzulo. Amakwezedwa m'maminibasi ku Malangalanga n'kukatsitsidwa pa Njewa, pa Chitedze, pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete, ena n'kutenga misewu ya ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma atamangiriridwa pa kabaza. Pa katoni pamalembedwa 5.1, ndipo m'kati mumakhala chibokosi chimodzi cholemera ndi timasipika tisanu. M'sitolo wogula amayesa chinthu chimodzi basi, besi. Amamuikira amapiano, galasi la pa kauntala n'kunjenjemera, iye n'kulipira. Pakapita masabata angapo dandaulo limafanana nyumba ndi nyumba. Nyimbo zikumveka mpaka kwa aneba, koma filimu ikayamba, mfuti ndi magalimoto zimagonthetsa m'khutu pamene olankhula akumveka ngati ali kuseri kwa khoma. Agogo akafunsa kuti akuti chiyani, mdzukulu amakweza voliyumu, phokoso n'kukwera limodzi ndi mawuwo, osapindulapo kanthu.

Mwa timasipika tisanu tija, ka mlandu ndi kaja kogona chopingasa, kolembedwa C kapena Center kumbuyo. Ndi kamene kamanyamula mawu a anthu, ndipo m'makatoni ambiri otsika mtengo ndi kamene opanga amakapeputsa kuposa tonse. Ine ndikuti kwathu kuno sipika yapakati ndiyo iyenera kuyamba kusankhidwa, zina zonse zizitsata pambuyo. Zimene timaonera n'zolankhula: nkhani za pa MBC, Zodiak ndi Times, sewero la Tikuferanji, ulaliki, oulutsa mpira wa Bullets, Wanderers ndi Silver kapena wa ku England, ndiponso mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene adzaza m'mafulashi. Munthu amene wagula zoimbira zosatha kutulutsa bwino liwu la munthu wagula phokoso la ukwati, osati zoonerera kanema.

Nzeru yoika sipika pakati ndi yakale kwambiri. Pa 27 Epulo 1933 akatswiri a Bell Telephone Laboratories, motsogozedwa ndi Harvey Fletcher, anatumiza nyimbo za gulu la Philadelphia Orchestra pa mawaya a telefoni kuchokera ku Philadelphia mpaka mu holo ya ku Washington, kumene anaimika masipika atatu pa nsanja: kumanzere, pakati ndi kumanja. Opanga mafilimu anaitola nzeruyo. Fantasia ya Walt Disney, ya mu 1940, inali ndi njira zitatu za mawu kutsogolo, ndipo The Robe ya mu 1953, imene inayambitsa chinsalu chachitali m'mbali cha CinemaScope, inali ndi zinayi. Kampani ya Dolby inafalitsa kachitidwe kameneka m'nyumba za kanema m'ma 1970, n'kukalowetsa m'makomo mu 1987 ndi Pro Logic, kenako mu 1992 kunabwera Dolby Digital ndi filimu ya Batman Returns. Ndiko kumene 5.1 ya pa katoni ija inatchukira: njira zisanu za mawu, ndi imodzi ya besi yokha. Kuyambira pamenepo osakaniza mawu a mafilimu amaika pafupifupi zolankhula zonse mu njira yapakati. M'nyumba ya kanema yeniyeni sipika imeneyi imakhala kuseri kwa chinsalu chokhala ndi timabowo, ndipo kukula kwake n'kofanana ndi za m'mbali. Kaphanthi kogona ka m'nyumba mwathu kanabwera chifukwa chofuna kuti kakwane pansi pa TV, osati chifukwa kamamveka bwino choncho.

Wina angafunse kuti, nanga masipika awiri sakwanira? Amakwanira kwa munthu mmodzi. Liwu likatuluka mofanana kumanzere ndi kumanja, ubongo wa amene wakhala pakatikati umamva ngati likuchokera pa TV, ngakhale palibe sipika pamenepo. Koma chinyengo chimenechi n'chosachedwa kusweka. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo khutu limakhulupirira liwu lofika koyamba. Sipika imodzi ikangoyandikira kwa inu ndi masentimita 34 kuposa inzake, liwu lake limatsogola ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo zimenezo zokha n'zokwana kukokera mawu onse mbali imeneyo. Wosewera ali pakati pa chithunzi, mawu ake akuchokera pakona ya chipinda.

Ndani kwathu kuno amaonera TV ali yekha pakatikati? Pabalaza pamakhala bambo pa mpando wawo wa kukhoma, mayi cha kukhomo la kukhitchini, ana pamkeka, aneba pa benchi imene yalowetsedwa chifukwa cha mpira. Ku vidiyo sho ndiye zimanyanya. Lowani mu imodzi pa msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu wa Mchinji. Panja pali bolodi lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu ndi nthawi ya mpira, ndipo pambali pake chisipika chachikulu choitanira anthu. M'kati mazenera atsekedwa ndi masaka, mabenchi a matabwa andandalikidwa khoma mpaka khoma, TV ili pa shelefu m'mwamba. Kawirikawiri sipika yabwino ndi ya panja ija, ndipo olipira pakhomo amamvera kotsala, kamene kakolekedwa pa msomali pakona, kutali ndi chithunzi. Mwa anthu makumi angapo okhala m'chipindamo, amene ali pamzere wapakati ndi ochepa kwambiri. Chipinda chotere ndicho chimene sipika yapakati inapangidwira.

Komabe musanathamangire kugula, funsani kaye chimene chidzalowe mu sipikayo, chifukwa apa ndi pamene nkhani yathu imasiyana ndi ya m'mabuku a ogulitsa. Mapulogalamu ambiri a m'makanema athu amabwera ndi njira ziwiri za mawu, ena imodzi. Filimu yomasuliridwa nayo n'chimodzimodzi. Womasulira amatsitsa mawu oyambirira pa kompyuta, n'kuika ake pamwamba, n'kusunga zonse pamodzi mu fayilo yaing'ono yokwana mu fulashi kapena mu foni. Njira zisanu zija zinathera pomwepo. Ampulifaya yokhala ndi Pro Logic imayesa kukonza zimenezi: imatenga chilichonse chofanana kumanzere ndi kumanja n'kuchitumiza pakati. Liwu la womasulira, la woulutsa mpira ndi la wowerenga nkhani limakhala lofanana mbali zonse, choncho limapita pakati, ndipo zimatheka bwino ndithu. Koma fayilo ikakhala ya njira imodzi, zonse zimafanana, ndiye zonse zimathamangira pakati, mawu, nyimbo, mfuti ndi mabingu omwe. Masipika anayi amangokhala duu, filimu yonse itasenzedwa ndi kasipika ka mainchi 3 kokhala m'kabokosi ka pulasitiki. N'chifukwa chake ndikuti sipika yapakati ya kuno iyenera kukhala yamphamvu kuposa imene munthu wa ku London angakhutire nayo.

Palinso makatoni ambiri olembedwa 5.1 amene m'kati mwake mulibe chosiyanitsa njira za mawu. Amangophatikiza kumanzere ndi kumanja n'kuthira pakati, n'kukoperanso zomwezo ku timasipika ta kumbuyo. Tembenuzani chibokosicho muone kumbuyo. Ngati polowera mawu pali timabowo tiwiri tokha, kofiira ndi koyera, kuphatikiza USB ndi Bluetooth, dziwani kuti 5.1 yeniyeni yochokera ku dikoda kapena ku TV ilibe polowera. Imafuna HDMI, kapena kachingwe kowala ka optical, kapena coaxial, kapena timabowo tisanu ndi kamodzi tolandira mawu kuchokera ku DVD. Kuyesa kwake n'kosavuta kwa amene ali ndi filimu ya 5.1 yeniyeni, monga The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, imene zolankhula zake zambiri zili m'Chichewa. Zulani waya wa sipika yapakati anthu akulankhula. Mawu akangotsala pang'ono kuzimiririka pamene mphepo ndi nyimbo zikupitirira, makina anu ndi oona. Akapitirira kumveka ponseponse, muli ndi masipika asanu oimba chinthu chimodzi.

Tsopano kapangidwe ka sipikayo, kamene anthu ambiri sakayang'ana n'komwe. Zambiri zimakhala ndi mawufa awiri, ina kumanzere ina kumanja, ndi katwita, kasipika ka mawu a pamwamba, pakati pawo. N'zokongola m'maso, koma zili ndi chilema. Mawufa awiriwo amatulutsa liwu limodzi. Amene wakhala moyang'anizana ndi sipikayo amalandira onse awiri nthawi imodzi. Amene wakhala chammbali amalandira ina mochedwerapo, ndipo pa mamvekedwe ena mafunde awiriwo amafafanizana. Tiyerekeze kuti mawufawo atalikirana masentimita 30. Funde la 2,000 Hz ndi lotalika masentimita 17, ndipo kusiyana kwa theka la pamenepo n'kokwana kulizimitsa. Munthu wokhala mamita 3 kuchokera pa TV akangosunthira chammbali pafupifupi mita imodzi, wafika kale pamalo pamene liwu limenelo limafooka. Tsoka lake n'lakuti pakati pa 1,000 ndi 4,000 Hz ndi pamene pagona kumveka kwa chilankhulo. Mavawelo ali ndi mphamvu zambiri ndipo amamveka pa sipika iliyonse, koma chimene chimasiyanitsa mawu ndi makonsonanti, ndipo m'Chichewa kampweya kakang'ono kokha ndi kamene kamalekanitsa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh. Kampweyako kakatayika, liwu limamveka koma tanthauzo limasowa. Anthu achikulire ndi amene amavutika msanga, popeza khutu likamakalamba limayamba kutaya mamvekedwe a pamwamba omwewa.

Opanga odziwa ntchito amathana ndi chilemachi m'njira ziwiri. Ena amaika kasipika ka mawu apakatikati pansi pa katwita, mawufa awiri aja n'kungosiyiridwa mawu a pansi, kumene mafunde ndi aatali moti safafanizana. Ena amaika katwita m'kati mwenimweni mwa wufa, monga kampani ya KEF ya ku England inayambira kuchita mu 1988, kotero kuti mawu onse amachokera pamalo amodzi. Masipika otere ndi odula, ndipo sapezeka wamba ku Bwalo la Njobvu. Amabwera ndi abale ochokera ku Joni kapena m'katundu wa kaunjika. Koma pali njira yachitatu imene ogulitsa sakonda kuitchula: sipika wamba yoima chilili, ya wufa imodzi ndi katwita pamwamba pake, yofanana ndi za m'mbali. Ilibe chilema chimenechi m'pang'ono pomwe. Ngati TV yanu ili pakhoma ndipo pansi pake pali malo, masipika atatu ofanana oimiritsidwa ndi abwino kuposa sipika yapakati yogona ya mtengo womwewo. Kufananako kuli ndi phindu linanso, chifukwa munthu akamayenda m'chithunzi uku akulankhula, liwu lake silisintha pochoka pa sipika ina kupita pa ina.

Za manambala a pa katoni sindichedwapo. Mawati masauzande olembedwa PMPO alibe tanthauzo lililonse; funani olembedwa RMS. Nambala yothandiza kwambiri ndi ya sensitivity, yolembedwa mu dB, imene imanena kukula kwa liwu limene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi. Kusiyana kwa 3 dB ndi kuwirikiza mphamvu kawiri, choncho sipika ya 85 dB imafuna mphamvu kanayi kuti ifanane ndi ya 91 dB. Kwa munthu wa m'tauni zimenezi n'zazing'ono. Kwa wa ku Kabudula amene akuyendetsa zonse pa sola ndi batire limodzi, zimatanthauza kuti filimu ifika kumapeto kapena ayi. Ndipo ngakhale kumene mawaya a ESCOM anafika, takhala tikuphunzira kudalira batire, makamaka chiwonongekere malo opangira magetsi a Kapichira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022. Batire likafooka ampulifaya imayamba kudula nsonga za mafunde, mawu n'kumasasa, ndipo kusasa kumeneko ndi kumene kumawotcha katwita. Matwita ambiri amafa ndi ampulifaya yofooka yokakamizidwa, osati yamphamvu. Inveta yotchipa nayo imalowetsa kulira kwa zzz kumene kumasokoneza zolankhula; yolembedwa pure sine wave ilibe vutoli. Onaninso ma ohm. Ampulifaya zambiri za m'nyumba zimafuna masipika a 6 kapena 8, pamene timasipika ta m'makatoni ena ndi ta 3 kapena 4. Kulumikiza sipika ya ma ohm ochepa ku ampulifaya yosapangidwira zimenezo kumaitenthetsa mpaka kuzima kapena kupsa.

Sipika yabwino ikaikidwa poipa imamveka ngati yoipa, ndipo nyumba zathu sizichitira chifundo zolankhula. Pansi ndi simenti, makoma ndi a pulasitala, pamwamba malata opanda siling'i. Liwu limagunda paliponse n'kubwerera, mawu atsopano n'kukumana ndi akale asanathe. Besi yambiri m'chipinda chotere imangophimba zonse. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula ikamagunda pa malata, zimatheratu. Mkeka kapena kapeti pakati pa TV ndi mipando, makatani olemera, masofa a nsalu ndi siling'i ngakhale ya mphasa zimathandiza kuposa kuwonjezera mawati. Ndipo chonde sipika yapakati isalowetsedwe m'kati mwa kabati ya magalasi, pakati pa makapu ndi zithunzi za ukwati, itafunditsidwa kansalu koluka. Mmenemo imalira ngati ili mu mtsuko, ndipo makapu amalira nayo. Ikhale pansi kapena pamwamba pa TV penipeni, nkhope yake ili m'mphepete mwa shelefu, osati m'kati. Ikakhala pansi kwambiri, ikani kathabwa kutsogolo kuti iyang'ane m'makutu mwa anthu. Ikakhala m'mwamba monga ku vidiyo sho, iweramitseni. Amene akadali ndi TV yakale ya chimsana asamale, chifukwa maginito a sipika yosatetezedwa amasokoneza mitundu ya chithunzi. Pomanga mawaya, wofiira apite kofiira mbali zonse ziwiri. Akasemphana, sipika yapakati imakankha pamene zinzake zikukoka, ndipo liwu limapepuka.

Pa ampulifaya yokhala ndi menyu pali zinthu zochepa zoti musinthe kamodzi n'kuzisiya. Sipika yapakati muilembe kuti Small ngakhale ikuoneka yaikulu, kuti besi yolemera ipite ku sabuwufa, chibokosi cha besi chija. Malire odziwika ndi 80 Hz, koma ya timawufa ting'onoting'ono imafuna 120 kapena kupitirira. Kwezani njira yapakati yokha ndi 2 kapena 3 dB, ndipo tsitsani sabuwufa kufikira mawu a amuna atasiya kugunda pachifuwa. Pakakhala polembedwa Night kapena Dynamic Range, tsegulani. Mafilimu amasakanizidwa poganizira holo yachete, mmene kunong'ona ndi bomba zimatalikirana kwambiri, pamene ife timaonera pali ana, jenereta ndi chigayo chapafupi.

Sindikuona chifukwa chakuti sipika yapakati izichokera kunja nthawi zonse. Dera lino lili ndi akalipentala aluso, ena ophunzira ku Namitete Technical College, ndipo pamisika pali anyamata amene amakhoma mabokosi a zoimbira za m'maukwati ndi m'matchalitchi. Chizolowezi chawo n'chopanga chibokosi chachikulu, wufa ya mainchi 12 kapena 15 ndi timatwita ta pulasitiki tolira mobaya m'khutu, n'kusiya dzenje pakati, pamene pali liwu la munthu. Cha zolankhula chimafuna zina. Tengani sipika imodzi yabwino ya m'galimoto ya mainchi 6.5, ya mtundu uja wokhala ndi katwita pakati pa wufa, muiike m'bokosi la thabwa lochindikala, lomata bwino popanda bowo, m'kati mutaikamo thonje kapena siponji. Mawu ake amachokera pamalo amodzi, ndiye amafika mofanana kwa wa pakati ndi wa kukhoma. Bokosi lotseka n'losavuta kulipanga molondola, ndiponso mphemvu ndi mbewa sizipeza polowera. Chokumbukira n'chakuti masipika a m'galimoto ambiri ndi a 4 ohm, choncho ampulifaya ikhale yovomera zimenezo. Kwa mwini vidiyo sho amene amaonetsa mpira ndi mafilimu omasuliridwa, sipika imodzi yotere, kapena yokulirapo ngati chipinda n'chachitali, itakhala pa TV penipeni ndi kuyang'ana mabenchi apakati, imaposa timasipika tisanu tomwazika m'makona.

Pali ena amene sipika yapakati sakuifuna konse. Ngati chipinda n'chaching'ono, oonera ndi awiri kapena atatu pa sofa imodzi, ndipo muli ndi masipika awiri abwino oyandikana ndi TV, kuwonjezera kasipika kotchipa pakati n'kuchotsa mawu pabwino kuwapititsa poipa. Uzani ampulifaya kuti Center palibe, yokha idzagawa zolankhula ku masipika awiriwo. Ogula soundbar ayang'ane nambala yoyamba: 3.1 ili ndi njira yapakati yakeyake, 2.1 ilibe.

Popita kokagula, nyamulani fulashi yanu. Muikemo nkhani za pa wailesi zowerengedwa ndi mwamuna, zina zowerengedwa ndi mkazi, ndi kachidutswa ka filimu yomasuliridwa kokhala ndi phokoso kumbuyo. Pemphani wogulitsa kuti azimitse sabuwufa ndi kutsitsa voliyumu kufika pa mlingo wa munthu wocheza naye, chifukwa pokweza sipika iliyonse imanamiza. Mverani mutaima patsogolo, kenako sunthani mapazi atatu kumanzere, atatu kumanja, n'kunjuta pansi pamene ana amakhala. Liwu lisasinthe kwambiri, ndipo musavutike kugwira mawu ngakhale amodzi. Ikakhala ya kaunjika, chotsani chophimba chakutsogolo, muone ngati mphira wozungulira wufa sanang'ambike kapena kufumbutuka, mukankhe pepala lake pang'onopang'ono ndi zala zotambasula kuti mumve ngati silikukhuza m'kati, ndipo muike khutu pa katwita nyimbo ikulira motsitsa. Katwita kakufa sikaoneka ndi maso, ndipo kupeza kena kofanana nako mu Lilongwe n'kovuta, choncho sipika yotere isiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo.